Chigayo cha gulu chisafe chifukwa cha malita 3 a oyilo

Alimi anzathu, makalabu ndi makopaletivu ambiri lero ali ndi makina oyendera dizilo. Ena ali ndi chigayo, ena pampu yothirira m'madimba, ena makina opunthira mpunga. Makinawa tidawapeza movutikira: posonkherana, pangongole kapena kudzera m'mapulojekiti. Koma mukayenda m'madera mwathu mupeza ambiri ali chigonere, atafunditsidwa masaka, injini itanoka. Pamsonkhano timaloza chala woyendetsa chigayo, kapena kunena kuti makina a masiku ano ndi osalimba. Funso lomwe timaliiwala ndi ili: tinkathiramo oyilo wanji, ndipo tinkasintha liti?

Maganizo athu ndi akuti nkhani ya oyilo isasiyidwe m'manja mwa woyendetsa makina yekha. Ikhale nkhani ya komiti, yolembedwa m'buku monga timalembera ndalama.

Manambala a pachigubu akutiuza chiyani?

Oyilo ali ngati uchi. Kukazizira amalemera ndipo sayenda msanga, akatenthedwa amapepuka n'kumayenderera. Injini imafuna oyilo woti m'mawa athamange kufika paliponse pomwe zitsulo zikukhulana, komanso masana injini ikatentha asasanduke wamadzimadzi.

Manambala monga 15W-40 adakhazikitsidwa ndi bungwe la akatswiri la SAE la ku America pofuna kuyeza zimenezi. Nambala yokhala ndi W ikunena za momwe oyiloyo amayendera kukazizira. Ikachepa ndiye kuti amayenda mosavuta m'mawa. Nambala yachiwiri ikunena za kulemera kwake atatenthedwa kufika madigiri 100. Oyilo wolembedwa SAE 40 yekha amalemera mofanana ndi 15W-40 injini ikatentha, koma m'mawa amachedwa kukwera, ndipo nthawi yolizira injini ndi yomwe zitsulo zimadyana kwambiri.

N'chifukwa chake pa injini zambiri za dizilo zomwe tili nazo, 15W-40 amakwanira chaka chonse. Amapirira kutentha kwa ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala, pomwe kumapitirira madigiri 40, komanso amayenda bwino m'mawa wa mu Juni ku Dedza. Komabe mawu omaliza ali ndi buku la injiniyo. Injini zina zakale zidapangidwira SAE 30 kapena SAE 40, ndipo ngati buku latero, tsatani buku.

Pali chizindikiro china chomwe ambiri sitichiyang'ana: zilembo zotsatira mawu akuti API. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Pali CH-4 wa mu 1998, CI-4 wa mu 2002, CJ-4 wa mu 2006 ndi CK-4 wa mu 2016. Oyilo wa dizilo amakhala ndi mankhwala ogwira mwaye komanso otha mphamvu ya asidi wochokera ku dizilo akamapsa. Chigubu chikakhala ndi S yekha popanda C, chisiyeni ngakhale chitchipe.

Zikhulupiriro zitatu zomwe zikutiphera makina

Choyamba ndi chakuti oyilo wolemera ndiye wamphamvu. Injini ikayamba kufuka utsi wabuluu ndi kudya oyilo, ena amathiramo wolemera kwambiri, mwinanso kusakaniza ndi wa mu giyabokosi wa nambala 90. Phokoso limachepadi kwa masiku angapo, koma maring'i otha sabwerera mwakale. Oyilo wa mu giyabokosi alibe mankhwala ogwira mwaye, ndipo wolemera mopitirira muyeso amachedwa kufika ku mabering'i. Uku n'kubisa matenda, si kuchiza.

Chachiwiri ndi kuyeza oyilo ndi maso kapena kumutikita pazala. Mu injini ya dizilo oyilo amada msanga chifukwa cha mwaye, nthawi zina tsiku lomwelo. Kuda sikutanthauza kuti watha, ndipo kuterera pazala sikutanthauza kuti akadali ndi mphamvu. Chomwe maso angakuuzeni ndi ngozi ziwiri: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, akamakwera yekha pa kachitsulo koyezera n'kumanunkha dizilo, dizilo akudonthera m'kati. Mukaona izi zimitsani injini, itanani makaniko.

Chachitatu ndi chakuti kuwonjezera n'chimodzimodzi kusintha. Ayi. Mukathira theka la lita watsopano, mwaye, asidi ndi tizitsulo tonyenyeka timatsalabe momwemo.

Tiwerenge maola, osati miyezi

Chigayo sichiyenda makilomita ngati galimoto, choncho muyeso wake ndi maola. Mabuku a injini zing'onozing'ono zambiri amati oyilo asinthidwe pakati pa maola 100 ndi 250, ndipo injini yatsopano kapena yongokonzedwa kumene isinthidwe msanga, kawirikawiri isanapitirire maola 50.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nthawi yokolola chigayo chikamagaya maola 8 patsiku, maola 100 amakwana m'masiku 13, ndipo maola 250 amakwana m'mwezi umodzi. Kalabu yomwe idagwirizana zosintha oyilo pakatha miyezi itatu iliyonse ndiye kuti yayendetsa injini maola oposa 700 pa oyilo mmodzimodziyo. M'miyezi ya njala, pomwe anthu amabwera ndi chimanga cha m'mbale, maola omwewo amatenga nthawi yaitali kuti akwane. Kalendala yokha singatithandize. Koma ngakhale makina atangokhala, monga pampu m'nyengo ya dzinja, oyilo asapitirire chaka chifukwa amakoka chinyezi.

Tisaiwalenso kuti m'chigayo mumakhala fumbi la ufa ndi gaga tsiku lonse, pomwe pampu ya kudimba imapuma fumbi la m'chilimwe. Pamalo otere tengani nambala yaing'ono ya maola, tsukani chosefera mpweya pafupipafupi, ndipo sinthani kapena tsukani fyuluta ya oyilo monga buku likunenera. Khuthulani oyilo injini ikadali yofunda kuti zinyalala zituluke naye limodzi.

Zoyenera kuchita pagulu

Injini ya silinda imodzi ya chigayo imalowa oyilo pafupifupi malita 3. Yerekezani mtengo wa malita amenewa ndi mtengo wa crankshaft, mabering'i, makaniko, thiransipoti yopita kutauni kukafuna zipangizo, ndi masabata omwe amayi akhale akusenza chimanga kupita ku chigayo cha kutali. Walira mvula walira matope: gulu lomwe lidafuna chigayo livomerenso kuti oyilo ndi gawo la mtengo wogayira.

Choncho komiti iliyonse ichite zinthu izi. Pakhale kope pambali pa injini lolembamo nthawi yolizira ndi yozimitsira tsiku lililonse, ndipo mlembi aziwonkhetsa maola sabata iliyonse. Msungichuma azipatula ndalama ya oyilo pa zomwe zalowa tsiku ndi tsiku, mamembala asanagawane phindu. Pa tsiku losintha oyilo pazikhala membala mmodzi wa komiti woona chigubu chikutsegulidwa. Makalabu oyandikana azisonkherana kudzera ku asosiyeshoni n'kugula zigubu za malita 20 zosatsegula kwa ogulitsa odziwika, kusiyana n'kumagula oyilo wa m'mabotolo a zakumwa pamsika, yemwe palibe angakuuzeni nambala yake kapena komwe wachokera.

Oyilo wakutha musamutaye m'dimba, m'khwawa kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musamupake ziweto pofuna kupha nkhupakupa. Ndi poizoni. Musungeni m'chigubu chotseka.

Pempho lathu kwa ena

Udindo si wa alimi okha. Ogulitsa makina komanso mabungwe omwe amapereka zigayo ndi mapampu asamangotula katundu n'kuchoka. Apereke buku la injini, ndipo tsamba la oyilo ndi maola alimasulire m'Chichewa ndi zilankhulo zina kuti likhomedwe pakhoma la chigayo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards tikulipempha kuti lizifika m'misika ya kumidzi kukayeza oyilo yemwe akugulitsidwa kumeneko, chifukwa mlimi alibe makina ozindikirira oyilo wachinyengo.

Pamsonkhano wanu ukubwerawu, wapampando afunse mafunso awiri: mu injini yathu muli oyilo wa nambala yanji, ndipo wayenda maola angati? Ngati palibe woyankha, gulani kope ndi chigubu sabata yomweyo.