Kukwera Phiri Si Kwa Alendo Okha

Chaka ndi chaka, mvula ikatha, alendo ochokera kunja amafika pa Likhubula, nalemba anyamata onyamula katundu, nakwera Phiri la Mulanje pamodzi ndi ana awo. Anthu a m'midzi yozungulira amangogwira pakamwa, kudabwa kuti munthu angataye bwanji ndalama pokadzivutitsa pamiyala. Kwa mayi wa ku Mulanje kapena ku Phalombe phiri ndi malo a nkhuni ndi udzu basi. Amalikwera mbandakucha, natsika khosi litauma ndi mtolo, osaona nkomwe kukongola kwake.

Maganizo akuti ulendo wotere ngwa azungu ndi anthu olemera ayenera kutha. Nzoona kuti mlimi safuna womuphunzitsa kuyenda, pakuti khasu limamulimbitsa kale thupi. Chimene amasoŵa ndi mpumulo, tsiku limodzi lokha loti bambo, mayi ndi ana ayendere pamodzi wopanda katundu pamutu, akucheza. Nkhaŵa yosoŵa potulukira imalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya, ndipo mwa abambo ambiri imakathera ku moŵa. Tsono kwa iwo amene amakhala pampando tsiku lonse, monga a m'sitolo ndi a m'maofesi, phindu lake nlalikulu koposa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo mwana ola limodzi pa tsiku, popeza kutero kumathandiza kupeŵa matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi.

Banja siliyenera kulimbana ndi Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, yomwe imagonjetsa ngakhale anyamata amphamvu. Kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo umene mwana wa sukulu angautsirize, naona mathithi, nabwerera dzuŵa lisanaloŵe. Panjira bambo angawauze ana za mkungudza, mtengo wa fuko umene kwawo kwenikweni ndi m'phiri lomweli, womwe ocheka matabwa autsala pang'ono kuumaliza. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse, motero nzochititsa manyazi kuti mwana wobadwira m'tsinde mwake azilimva kwa alendo. A ku Zomba, ku Dedza ndi ku Ntchisi ali ndi mapiri awo pakhomo, osafuna ndalama ya basi.

Komabe phiri silichita chibwana. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti chiperoni chimagwa mwadzidzidzi, nkhungu nkuphimba njira, mphepo nkuloŵa m'mafupa. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil anasokera kufupi ndi Sapitwa atasiya womuperekeza, ndipo anapezeka atafa. Thupi la mwana limazizira msanga kuposa la munthu wamkulu, choncho juzi, chipeŵa ndi chovala china chouma zisatsale, ngakhale kutacha bwino chotani. Banja liyende ndi munthu wodziŵa njira, ndipo a kumudzi auzidwe nthaŵi yobwerera. M'dzinja ulendowu uime ndithu. Mitsinje imadzaza m'kanthaŵi kochepa, ndipo amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 safuna kukumbutsidwa zimene phiri limachita likakhuta madzi.

Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera, angathe kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mayi atenge madzi oŵiritsa kapena othira mankhwala, mbatata yophika, nthochi ndi mtedza, osaiŵala paketi ya Thanzi. Dziwe la Nkhalamba nlakuya ndiponso lozizira kwambiri, kotero wosadziŵa kusambira akhale pamtunda. Wina akalumidwa ndi njoka asatemedwe mphini kapena kumangidwa chingwe chothina. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe msanga kupita naye kuchipatala.

Mayi woyembekezera, munthu wodwala mtima kapena mphumu, ndi amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa a zaumoyo pa tsiku lawo la kuchipatala. Agogo amene maondo awo sakulola angathe kutsalira pamthunzi m'tsinde mwa phiri, akusunga kamba, kufikira ana atatsika.