Miyezi isanu ku Mzuzu, nyanja osaiona

Patatha miyezi isanu chisamukireni ku Mzuzu, malo omwe ndinkawadziwa anali atatu basi: nyumba yathu ya lendi ku Katawa, msika waukulu ndi tchalitchi. Amuna anga anawasamutsa kuntchito kuchokera ku Blantyre, ndipo ine ndinangonyamula laputopu n'kutsatira, poti ntchito yanga yolembalembayi imatheka paliponse pomwe pali netiweki ndi magetsi. Pokambirana zinkamveka zophweka.

Koma abale, kusamuka si kunyamula katundu kokha ayi. M'mawa amuna anga akapita kuntchito ndinkatsala ndekha, kunja kukuwaza kamvula kaja kosatha ka ku Mzuzu. Aneba akucheza m'Chitumbuka, ine kumangomwetulira ngati ndamva. Madzulo ndimvekere pheee pa foni, kuona ma status a anzanga a ku Blantyre akudya kanyenya. Mikangano inayamba kubuka pa zinthu zachabechabe: makala atha msanga, bandulo wagula ndani, bwanji mwachedwa. Tsiku lina ndinalankhula mawu omwe ndinkawasunga mumtima: "Pajatu ndinu munandibweretsa kuno." Sanayankhe. Anangotsuka m'manja n'kukagona.

Lachinayi lotsatira anangoti, "Loweruka tipite kunyanja." Ine ndinafunsa zomwe aliyense wa ife akanafunsa: "Ndi ndalama zake ziti?" Ambirife tinakula tikudziwa kuti kunyanja ndi kwa azungu ndi mabwana opita ku mawekishopu. Koma titakhala pansi n'kuwerengera thiransipoti, chipinda cha usiku umodzi ndi chakudya, tinapeza kuti sizikusiyana kwenikweni ndi zomwe tinkawononga pa mwezi pogula tchipisi ndi mabandulo othetsera kusungulumwa. Tinasankha Chintheche.

Tinakwera Sienta Loweruka m'mamawa. Msewu wochoka ku Mzuzu umatsetsereka mokhotakhota, ndipo ukamatsika kutentha kumakulandira pang'onopang'ono. Pofika pa Mpamba juzi ndinali nditavula kale. Usanalowe pa boma la Nkhata Bay pali mphambano pomwe msewu wa M5 umakhotera kummwera, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Chintheche ndi makilomita pafupifupi 40.

Chomwe chinayamba kundidzidzimutsa ndi esiteti ya Vizara. Ndinaphunzira ku pulayimale kuti ku Nkhata Bay amalima mphira, koma sindinaganizepo kuti mtengo wake umaoneka bwanji. Mitengoyo ili m'mizere yowongoka, ina ili ndi tizikho tomangirira pa thunthu tolandirira utomoni woyera womwe umadontha akacheka khungwa. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mipira yoluka ndi utomoni womwewo, amaidunditsa pa tala kuti uone mmene imanjanjira. Amuna anga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anagula umodzi kudzera pa windo. Ndinaseka koyamba pa sabata yonseyo.

Titawoloka mtsinje wa Luweya sipanatenge nthawi, tinafika. Malo ogona a m'mbali mwa nyanja ndi okongola, koma mitengo yake si ya thumba lathu, choncho tinapeza chipinda pa resiti hausi ina pafupi ndi msika n'kuyenda wapansi kupita kugombe. Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera ngati ufa woyera, madzi ake oti ukuona zala zako zakumapazi, ndipo apa ndi apo pali miyala ikuluikulu yomwe ana amadumphirapo. Kwa inu okonda zoimbaimba, kumbukirani kuti Lake of Stars inayambira konkuno, pa Chintheche Inn mu 2004, ndipo inabwereranso mu 2016. Anthu ankachoka ku London kudzavina pa mchenga womwe ife tinakhala nawo pafupi miyezi isanu osauponda.

Chakutali pamwamba pa madzi tinaona chinthu chakuda chikukwera ngati utsi. Ine ndiye ndinayamba kale kunena kuti boti likupsa. Msodzi wina yemwe ankasoka ukonde pafupi nafe anaseka n'kutiuza kuti ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timatuluka m'nyanja miyandamiyanda. Tikafika kumtunda anthu amatikola n'kupanga ndiwo.

Nkhomaliro tinadya pa kalesitilanti kena ka mayi wachikulire: kondowole wa batala. Kwa amene simunalawepo, kondowole ndi nsima ya ufa wa chinangwa chomwe amachiviika m'madzi masiku angapo, n'kuchiyanika, n'kuchisinja. Amamata m'manja, amatamuka, ndipo ali ndi kafungo kake komwe mlendo amayamba wakwinya nkhope. Mayiwo atandiona ndikulimbana ndi mbamu anandiuza kuti ndinyowetse kaye dzanja, nditeme pang'ono, ndisatafune kwambiri. Kenako anandiphunzitsa moni wa Chitonga: "Mwe uli?" ndipo poyankha umati "Nde umampha." Nditabwereza, amayi onse omwe ankatsuka mbale kuseri anaseka mpaka wina kubwera kudzandigwira chanza. Pochoka anatiwonjezera nthochi zaulere.

Usiku umenewo ndinachita manyazi pandekha. Mawu awiri okha anandipezera anzanga pa mphindi khumi. Ku Katawa ndinatha miyezi isanu ndikudandaula kuti aneba sandilowetsa m'macheza awo, chonsecho sindinayesepo n'komwe kuwapatsa moni m'chilankhulo chawo.

Lamulungu tinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Bandawe, chakummwera pang'ono kwa Chintheche. Dzinali tonse tinaliloweza pokonzekera mayeso a Social Studies, koma kuimirira pamalopo n'kosiyana ndi kuloweza. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875. Malungo atavuta, Dr Robert Laws ndi anzake anasamukira ku Bandawe mu 1881. Nako malungo sanawasiye, ndipo mu 1894 likulu la mishoni linakwera phiri kupita ku Khondowe, komwe lero timati Livingstonia. Ku Bandawe wakale kunatsala tchalitchi cha njerwa ndi manda a amishoni omwe sanabwererenso kwawo ku Scotland.

Bambo wina wa mumpingo yemwe anatiyendetsa anatikumbutsa kuti sukulu za mishoniyi zinatulutsa anyamata ambiri omwe anapita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'maofesi a ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa. Mmodzi mwa iwo ndi Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, kufupi ndi Bandawe, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, ndipo linakula mpaka kugwedeza boma la azungu kumeneko. Elliot Kamwana, mlaliki wa Watch Tower yemwe anabatiza anthu zikwizikwi m'dera lomweli mu 1908 ndi 1909 mpaka atsamunda kumuthamangitsa, analinso Mtonga wa konkuno. Dera lonseli likudziwa bwino za kuchoka kwanu n'kukayamba moyo kwa eni. Mpaka lero mabanja ambiri kuno ali ndi mwana kapena bambo ku Joni.

Mwina ndi nkhani zimenezi, mwina ndi bata la pamandapo, koma titakhala pansi pa mtengo tinayamba kulankhulana zenizeni. Ndinawauza kuti chomwe chimandiwawa si kuzizira kwa Mzuzu, koma kuti iwo ali ndi kopita m'mawa uliwonse pomwe ine tsiku limatha osalankhula ndi munthu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mukudziwa kuti inenso nkhomaliro ndimadya ndekha? Anzanga akayamba Chitumbuka ndimangotulutsa foni. Sindinkakuuzani chifukwa ndinkaona kuti ndine ndinakuvutitsani kale pokubweretsani kuno."

Miyezi isanu, anthu awiri osungulumwa m'nyumba imodzi, aliyense akuganiza kuti mnzake zikumuyendera. M'nyumba muja nkhaniyi sikanatuluka, chifukwa mmenemo tinkangokambirana za lendi, mayunitsi a magetsi ndi ndiwo za mawa. Zinatengera kuti tonse tikhale alendo pamalo amodzi, tonse osadziwa njira, tonse kufunsa, kuti tikumbuke kuti ulendo wa ku Mzuzu tinauyamba limodzi.

Ngati mukufuna kupitako, nazi zochepa zomwe tinatolako. Nyamulani ndalama ina pamanja, si onse ogulitsa nsomba kapena akabaza omwe amalandira za pa foni. Musanayale chitenje pagombe la malo ogona alendo, funsani kaye, ena amalola alendo a tsiku limodzi mukagula chakumwa kapena kulipira kangachepe. Sambani pomwe eni dera akusamba, ndipo pewani pa matsiriro a mitsinje ndi m'mabango chifukwa ng'ona ndi likodzo zimakonda malo otero. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatha kuwinduka mwadzidzidzi, ndiye asodzi akati lero si tsiku lokwera bwato, amvereni. Ndipo musanajambule munthu ali pantchito yake, pemphani. Asodzi ndi amayi oyanika usipa ali pa ntchito, sanabwere kudzakongoletsa Instagram yanu.

Sindikunena kuti nyanja inathetsa mavuto athu onse. Lendi ikadali yomweyo, ndipo Mzuzu akadali wozizira. Koma tinagwirizana kuti mwezi uliwonse, malipiro akangolowa, tizipatula kandalama ka ulendo umodzi, ngakhale wa tsiku limodzi. Pa mndandanda pali chipilala cha pa Nkhata Bay chokumbukira anthu omwe anaphedwa pa 3 Malichi 1959, pali gombe la Kande, pali Livingstonia ndi mathithi a Manchewe. Palinso madera a mu Mzuzu momwemo omwe sitinawapondeko.

Inu amene ntchito, sukulu kapena banja lakusamutsirani ku Karonga, ku Mangochi, ku Dedza kapena ku Nsanje, dziwerengereni nokha: kupatula kunyumba, kuntchito ndi kumsika, mukudziwa malo angati? Nanga mnzanu amene munasamuka naye, munamufunsapo mmene zikumuyendera?

Lolemba m'mawa ndikutaya madzi panja ndinakumana ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe. Ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Monire amama, muli uli?" Anaika ndowa pansi, n'kundiyang'ana, n'kuyankha m'Chichewa akuseka: "Kodi mumalankhula? Ife timayesa ndinu onyada." Loweruka likubwerali akunditenga kumsika kuti akandionetse komwe amagula ufa wabwino wa kondowole.