Mzinga Ulibe Miyendo

Anthu ambiri olemba mbiri ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amatha inki potama mizinga. Amasimba za Big Bertha, chimfuti cha kampani ya Krupp chokhala ndi kamwa lotambalala mamilimita 420, chimene chinagumula malinga a ku Liège m'chaka cha 1914. Koma kutama mzinga ndi kuiwala amene anaukoka ndi kupotoza mbiri.

Mzinga ndi mpope wachitsulo chochindikala wokhazikidwa pa magudumu. Kuti uponye chipolopolo kutali, uyenera kutalika ndi kulimba. Ukatero umalemera koopsa. Ku Ulaya unkakokedwa ndi akavalo kapena kukwezedwa pa sitima yapamtunda. Kuno kashembe ankapha akavalo ndi ng'ombe, ndipo misewu inali yosowa. Tsono anaukoka ndani? Munthu wakuda.

Sitima yankhondo ya Ajeremani, Königsberg, itamizidwa mu mtsinje wa Rufiji mu 1915, eni ake anavuula mizinga yake khumi ya mamilimita 105 naika ina pa magudumu. Mazana a anthu ankaikoka ndi zingwe m'matope ndi m'mapiri a ku Tanganyika.

Kumbali ya Angerezi mtolo unagweranso amtengatenga. Boma la Chitipa, limene panthawiyo linkatchedwa Fort Hill, linali pamalire ndi dziko la Ajeremani, pa msewu wa Stevenson wochokera ku Karonga. Mu Meyi 1916 asilikali a General Edward Northey anadumpha malirewo, ena atanyamukira ku Fort Hill komweko. Zipolopolo, ufa ndi mahema zinkatsitsidwa m'sitima ku Karonga, ndipo kuchoka apo zinkakwera zitunda pamitu ya anthu. Amalawi pafupifupi 200,000 anasenza mitolo m'nkhondoyi, ochuluka atachita kugwidwa m'midzi. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo.

Alipo ena amene amati wamtengatenga sanamenye nkhondo popeza sanaombe mfuti. Maganizo otere ndi operewera. Mzinga wopanda chipolopolo ndi chitsulo chabe, ndipo msilikali wanjala sangaime pamaso pa adani. Ena amati tsabola wakale sawawa. Akafunse zidzukulu za amene sanabwerere, amene manda ao sadziwika.

Lero mzinga wina wa Königsberg ukusungidwa mwaulemu ku Pretoria, wina ku Mombasa. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles. Kodi chitsulo chingapose munthu? Ana a sukulu a ku Ifumbo, Kameme ndi Misuku ayenera kuphunzira kuti nkhondo imeneyi inayenda pa mapewa a makolo ao, ndipo pa boma la Chitipa payenera kuimikidwa mwala wokumbukira amtengatenga. Mtundu wolemekeza chida ndi kunyoza wochisenza sunamvetse phunziro la nkhondo.