Mau a Katekisti: Mukacoka ku Intavyu, Kumbukirani Kuthokoza



Mwezi watha, titatuluka mu Misa ya m'mawa, mtsikana wina wa m'kwaya yathu anandiimitsa pa khomo la calici. Anali atapita ku intavyu pa kampani ina mu Lusaka, ndipo panapita masabata awiri osamva kanthu. Iye anati, "Aphunzitsi, ndicite ciani? Kodi ndiziwaimbira foni tsiku ndi tsiku, kapena ndingokhala cete?" Ndinamufunsa ngati anawalembera mau othokoza. Anadabwa nati, "Ndithokoze ciani pamene nchito sanandipatse?"

Ndinamukumbutsa za akhate khumi amene timawerenga pa Luka 17:11-19. Onse anacira, koma wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, Msamariya. Zoona, mtsikanayu sanalandire nchito, koma analandira kanthu ndithu. Pakati pa makalata ambiri akulu a kampani anasankha yake, nasiya zocita zao kuti amumvere. Ameneyo ndi ulemu woyenera kuubweza. Ndiponso munthu amene wafunsa anthu ambiri tsiku limodzi amaiwala nkhope zao, tsono kalata yaifupi imamukumbutsa kuti inu ndinu yani.

Ife kale tinali kugula sitampa ku positi ofesi. Lero ana athu ali ndi imelo pa foni, ndipo kalata imafika nthawi yomweyo. Cotero lembani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, nkhani isanazizire. Pa mutu wa imelo chulani dzina lanu ndi nchito imene munafunsira. Dzina la amene anakufunsani mulilembe bwino pamodzi ndi udindo wao. Ngati simunalimve, funsani kwa mlembi musanatuluke mu ofesi. Thokozani cifukwa ca nthawi yao, kumbutsani cinthu cimodzi cimene munakambirana, ndi kunena mwacidule kuti nchitoyo muli kuifunabe. Ngati anapempha setifiketi kapena dzina la munthu wokucitirani umboni, tumizani pomwepo. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Popeza maofesi athu amagwiritsa nchito Cingerezi, pemphani wina wocidziwa bwino awerenge musanatumize. Onaninso adiresi yanu ya imelo: ikhale ya dzina lanu leni-leni, osati dzina lamasewera limene anzanu anakupatsani ku sukulu.

Pali zinthu zitatu zoyenera kupewa. Coyamba, musalire m'kalata. Umasiye ndi njala ya pa nyumba ndi zoona, koma wolemba nchito afuna kudziwa cimene mudzamucitira. Caciwiri, musaonjezepo bodza kuti mukonze yankho limene munalakwa. Ngati munaiwala mfundo yoona, inenani m'mau ocepa; lamulo lacisanu ndi citatu silileka kugwira nchito pa foni. Cacitatu, musalonjeze "kanthu kakang'ono". Cimeneco ndi ciphuphu, ndipo cimalanda mwai wa mwana wa mnzanu. Cenjeraninso ndi anthu amene amatumiza uthenga wakuti mwapambana koma muyambe mwalipira ndalama pa foni. Wolemba nchito woona sagulitsa malo.

Nanga yankho likacedwa? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani kufikira tsiku limene anakuuzani litapita. Ngati sanachule tsiku, lolani sabata limodzi kapena awiri. Pamenepo lembani kamodzi, mwaulemu, kufunsa pamene nkhani yafika. Kuimba usiku kapena kutumiza mauthenga a WhatsApp mobwereza kumatopetsa munthu amene mwina anakukondani. Dziwaninso kuti nchito za boma zimayenda mwa njira ina. Mu 2022, pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, maina a osankhidwa analengezedwa poyera kwa onse pamodzi. Pa nchito zotere munthu amangoyembekezera cilengezo.

Mtsikana uja analemba, ngakhale mocedwa. Anamuyankha kuti malo anapatsa wina, koma mapepala ake awasunga. Analira, nane ndinamva cisoni. Komabe ndinamuuza kuti alembenso mizere iwiri yothokoza, pakuti khomo limene watseka mwaulemu ukhoza kudzagogodaponso.

Inu makolo, musamafunse mwana usiku uliwonse kuti, "Kodi ayankha?" Mtima wake ndi wolemedwa kale. Muthandizeni ndi ndalama ya intaneti, ndipo pempherani naye. Papa Yohane Paulo II, amene anatiyendera kuno ku Zambia mu 1989, anaphunzitsa m'kalata yake Laborem Exercens ya 1981 kuti nchito iripo cifukwa ca munthu, osati munthu cifukwa ca nchito. Mwana wanu ndi wamtengo wapatali ngakhale asanalembedwe.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti, apempherere onse ofuna nchito. Tidzaonana mwezi wa mawa.