MAGALASI OŴERENGERA NDI CHIDA CHA NTCHITO

Kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka kuli asodzi amene amatha kuona bwato lili kutali panyanja, koma akakhala pansi kusoka ukonde, ulusi suoneka bwino. Ku Lifuwu kuli amayi amene akuvutika kusankha timiyala mu mpunga. Ena poŵerenga Baibulo kapena Kurani amachita kutalikitsa buku mpaka mkono wonse kutha.

Ambiri amaganiza kuti awalodza, ena amangoti ndi ukalamba basi, nasiya ntchito. Ife tikuti maganizo onsewa ngotayitsa, chifukwa thandizo lilipo ndipo ndi losavuta.

M'kati mwa diso muli kagalasi kofeŵa kamene kamasintha maonekedwe ake kuti tione zinthu zapafupi. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasika kamayamba kuuma pang'onopang'ono kufikira zaka za m'ma 60. Zimenezi zimachitikira aliyense, monga imvi, ndipo sizipatsirana. Palibe mankhwala azitsamba amene angakafeŵetsenso. Kuthira zitsamba m'maso kungathe kuchititsa khungu. Chofunika ndi magalasi oŵerengera. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2019 linati anthu oposa 800 miliyoni padziko lonse anali ndi vutoli popanda magalasi oyenera.

Pali ena amene amati magalasi amapha maso. Si zoona. Mphamvu ya magalasi, imene kaŵirikaŵiri imayambira pa +1.00 mpaka +3.00, imafunika kuonjezera pakapita zaka chifukwa kagalasi kaja kakuumirabe, kaya munthu amavala magalasi kaya savala. Enanso amachita manyazi poopa kuti anzawo aziti akudzionetsa. Kodi mlimi amachita manyazi ndi khasu? Choopsa chenicheni ndi kuŵerenga molakwa mlingo wa mankhwala, kuphonya tsiku la katemera lolembedwa m'kabuku ka mwana, kapena kutumiza ndalama ku nambala yolakwika pafoni.

Komabe chenjerani. Ngati zakutali nazonso zikuoneka mwachimbuuzi, ngati diso likupweteka, ngati pakati pa diso payera, kapena ngati muli ndi matenda a shuga, magalasi ogula pamsika sangakuthandizeni. Mwina ndi ng'ala, imene imachira ndi opaleshoni, kapena matenda ena ofuna dokotala msanga. Safunsa anadya phula. Pitani ku chipatala cha boma cha Salima akakupimeni. Kukafunika, akakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions ku Lilongwe kapena ku Nkhoma.

Tikupemphanso akuluakulu a zaumoyo kuti magalasi otsika mtengo azipezeka ngakhale m'zipatala zazing'ono monga Khombedza, kuti msodzi asatayire ndalama zake paulendo.

Inu amene mwakwanitsa zaka 40, mukabwera kuchipatala kuno funsani za maso anu, ndipo musaiŵale kubwera ndi makolo anu.