Pa Zenera la Kalaliki: Nchito Ikatha, Samalani Pepala ndi Tsiku

Ndilemba ndiri pa Beatrice, pa mseu waukuru wocokera ku Harare kunka ku Masvingo, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Malo ano anatenga dzina lace ku mgodi wakale wa golide, ndipo ife okhala kuno tidziwa bwino kuti mgodi utseguka lero nutsekeka mawa. Cifukwa cace sabata ino ndifuna ticeze za funso limene lifika pa zenera langa kawirikawiri: munthu nchito ikamthera, ndarama za ulova akazilandire kuti?

Lolemba lapitali kunabwera bambo wina wa zaka 57. Atate ao anacokera ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, nasanduka mchona, ndipo iwo anabadwira m'komboni ya pa pulazi ina ya kuno. Anagwira nchito ya fodya ndi ng'ombe kufikira mapulazi atayamba kulandidwa m'caka ca 2000. Pambuyo pace analowa mgodi wina waung'ono umene sindiuchula dzina, nagwirako zaka 14.

Anabvula cipewa nati, "Mwana wanga, mnyamata wanga wa ku Rustenburg anamcotsa nchito, ndipo boma la kumeneko linamlipira miyezi ingapo ali khale. Nanga ine zanga ndikatenge ku ofesi iti?"

Ndinati, "Bambo, yambani mwakhala pansi. Kodi nchito yanu inatha bwanji?"

"Mgodi unaima," anatero. "Kapitao anatiitana mmodzi mmodzi, nati tidinde cala kuti tilandire ya ulendo."

Anaturutsa pepala m'kathumba ka shuga nandipatsa. Linali la Cingerezi, ndipo linanena kuti mwini cala ici wasiya nchito mwa kufuna kwace, ndi kuti alibenso kanthu kofunsa kwa kampani. Tsiku lolembedwa pamwamba linali la zaka 2 ndi miyezi 5 yapitayo. Nditawawerengera m'Cinyanja, bambo aja anakhala cete nthawi yaitali, akupotokola cipewa cao.

ZIMENE ZIRIPO KUNO

Ndinayenera kuwauza zoona, ndipo inunso ndikuuzani zomwezo. Kuno ku Zimbabwe kulibe thumba la boma lolipira munthu cifukwa cakuti ali pa ulova. Kwathu ku Malawi nakonso kulibe. Ndarama zija adula pa malipiro anu mwezi ndi mwezi kunka ku NSSA si za ulova ai. NSSA inayamba kusonkhetsa za penshoni m'caka ca 1994, ndipo penshoniyo ndi ya wokalamba, ya wopunduka wosatha kugwiranso nchito, ndi ya amasiye a wanchito amene wamwalira. Wopita kumeneko ali ndi mphamvu zace nati, "Nchito yandithera," abwerako cimanjamanja.

Koma musati tsono palibe kanthu. Cimene wanchito alandira kuno cicokera kwa bwana amene anamlemba, ndipo lamulo la nchito, Labour Act, licichula. Coyamba, malipiro onse otsala ndi ndarama za masiku a chuthi amene simunapume. Izi ndi zanu ngakhale nchito ithe mwa njira iri yonse. Caciwiri, notisi, pokhapokha atakucotsani cifukwa ca mlandu: wolembedwa nchito yosaikidwa malire ayenera miyezi 3, kapena ndarama za miyezi 3 m'malo mwace, wa kontrakiti ya caka cimodzi, miyezi 2, wa kontrakiti ya miyezi 6, mwezi umodzi. Cacitatu, ngati akucotsani cifukwa mgodi waima kapena acepetsa anthu, pali ndarama za kucotsedwa, zowerengedwa monga mwa zaka zimene mwagwira.

Ndarama zacitatuzi zinadza ndi misozi. Pa 17 July 2015 Supreme Court inagamula pa mlandu wa kampani ya Zuva Petroleum kuti bwana akhoza kucotsa wanchito pongompatsa notisi ya miyezi 3, ndipo m'masabata owerengeka anthu zikwi zambiri anataya nchito. Mwezi wotsatira Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo, niika kuti wocotsedwa alandire malipiro a mwezi umodzi pa zaka 2 ziri zonse zimene anagwira, osacepera apo. Lamulolo linakonzedwanso m'caka ca 2023, cotero funsani ciwerengero ca lero kwa a bungwe lanu musanabvomere kanthu.

Tiyeni tiwerengere bambo aja ndi muyeso wa 2015 womwewo. Zaka 14 ndizo malipiro a miyezi 7. Tikaonjeza notisi ya miyezi 3, yakwana miyezi 10. Iwo analandira ya basi ndi ya ufa wa masabata awiri. Kusiyana konseku kunadza ndi mau aja a pa pepala, akuti wasiya yekha. Wosiya yekha alibe ndarama za kucotsedwa, ndipo notisi ndiye ayenera kupatsa bwana. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pano ndiulule kanthu. Ine ndine kalaliki, ndipo pamene ndinayamba nchito pa mgodi wina, makalata otere anadutsa m'manja mwanga. Ndinawataipa, ndinagwira anthu dzanja podinda cala, osawawerengera, pakuti ndinaopa kufunsa bwana. Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuwerenga kuti tithandize osawerenga, koma ine ndinacita zosiyana. Ndikamaona bambo monga awa, ndikumbukira nkhope za aja ndinawadinditsa.

AKAKUKANIZANI MUPITE KUTI

Njira ya madandaulo iri ngati makwerero, munthu salumpha. Yambani pa mgodi pomwepo, kwa komiti ya anchito ndi kwa bungwe lanu. La a m'migodi ndilo Associated Mine Workers Union of Zimbabwe, la a pa mapulazi ndilo GAPWUZ. Ngati akucotsani pa mlandu, buku la malamulo a pa nchito lipatsa masiku owerengeka cabe ocitira apilo, cotero musagone. Zikakanika pamenepo, pitani ku National Employment Council ya migodi, kumene kuli mkuru woikidwa kumva milandu ya anchito, kapena kwa ofesala wa boma wa za nchito. Iwo aitana inu ndi bwana kuti mugwirizane. Mukapanda kugwirizana mlandu upita kokagamulidwa, ndipo wosakhutira acita apilo ku Labour Court masiku 21 asanathe. Ku bwalo limenelo wa bungwe lanu aloledwa kukulankhulirani, ngati mulibe ndarama ya loya.

Koma cherani khutu apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Mlandu wa nchito suyembekeza mwini wace mpaka kalekale. Lamulo linena kuti dandaulo lifike kwa ofesala zaka 2 zisanathe kucokera tsiku limene mkangano unabuka. Bambo aja akadabwera caka catha, tikadanena kuti anadinda cala pa pepala limene sanauzidwe za m'kati mwace, ndipo anzao amene anali pa mzere womwewo akadawacitira umboni. Iwo anakhala akudikira mau a kapitao, akuti mgodi udzatsegukanso ndipo adzawaitana. Ndawatumiza ndithu kwa a bungwe, koma sindinawalonjeze kanthu, pakuti acedwa ndi miyezi 5. Madzi akatayika saoleka.

CIMENE CINATSALA

Sindinafune kuti acoke opanda kanthu, ndipo ndinawafunsa za zaka zao. Penshoni ya NSSA iyamba pa zaka 60, koma wa nchito yolemetsa, monga ya m'mgodi ndi ya pa pulazi, aloledwa kuilandira pa zaka 55, ngati anagwira nchito yotere zaka 7 mwa zaka 10 zotsiriza asanafike 55. Amene anasonkha miyezi 120 kapena kuposa alandira mwezi ndi mwezi. Amene anasonkha miyezi 12 koma osafika 120 apatsidwa ndarama kamodzi kokha. Tsono bambo aja ayenera kupita ku ofesi ya NSSA ku Harare kukaona ngati ndarama zimene anadulidwa zinafikadi. Inunso citani comweco mukali pa nchito, pakuti kudula pa malipiro ndi kutumiza ku NSSA ndi zinthu ziwiri. Funsaninso ngati dzina lanu liri m'mabuku a Mining Industry Pension Fund, thumba la penshoni la a m'migodi, limene linayamba m'caka ca 1952.

Titatenga mapepala ao tinapeza bvuto lina, limene libvuta ana a machona ambiri. Pa citupa pali dzina la mfunda, koma pa tikiti ya ku mgodi kalaliki analemba dzina la atate ao. Kwa wa mu ofesi amenewo ndi anthu awiri, ndipo salipira kufikira mutabwera ndi kalata yolumbira kuti maina onse awiri ndi anu. Citupa caoconso cikali ca mlendo. Dziwani kuti Constitution ya 2013 inena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lace linali la dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo anali kukhala kuno pamene lamulolo linayamba, ali nzika ya dziko lino mwa kubadwa. Pitani ku ofesi ya zitupa akakukonzereni tsopano, musadikire tsiku lofuna ndarama.

ZA INU A KU JONI

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Rustenburg uja, pakuti iye sananame. Ku South Africa thumba la ulova liripo, dzina lace UIF. Wanchito asonkha randi imodzi pa marandi 100 ali onse a malipiro ace, ndipo bwana aonjezapo yace imodzi. Kale alendo a kontrakiti, oyenera kubwerera kwao kontrakiti ikatha, sanali kuwerengedwa, koma lamulo lokonzedwa la 2016 linacotsa coletsa cimeneco.

Pocoka pa mgodi tengani kwa bwana fomu ya UI-19. Pa fomu imeneyo alemba cifukwa cimene nchito yathera, ndipo muyang'anitsitse, pakuti kumenekonso wosiya yekha salandira. Pitani nayo ku ofesi ya za nchito pamodzi ndi pasipoti yanu miyezi 12 isanathe. Sadzakupatsani malipiro athunthu ai, koma pakati pa 38 ndi 60 pa 100, ndipo wa malipiro ocepa ndiye apatsidwa gawo lokulirapo. Pa masiku 4 ali onse amene munagwira mukusonkha akuwerengerani tsiku limodzi, kufikira masiku 365. Akakukanizani, lembani apilo masiku 90 asanathe, ipite ku Regional Appeals Committee; ikakanika kumeneko, pamwamba pace pali National Appeals Committee. Ngati muyesa kuti akucotsani popanda cilungamo, umenewo ndi mlandu wina, wa ku CCMA, ndipo masiku ace ndi 30 okha. Yambani zonsezi musanakwere basi ya ku Beitbridge, pakuti afuna kuti mulembetse monga wofuna nchito, ndipo nkhani yotere kuiyendetsa muli ku mudzi nkobvuta.

MAU ANAI OTI MUSUNGE

Coyamba, musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene simunalimve. Nenani mwaulemu kuti, "Bwana, ndiloleni ndikaliwerenge, ndibwera nalo mawa." Liwerengetseni kwa munthu amene sadya nao pa kampaniyo.

Caciwiri, pepala liri lonse limene mwasaina, pemphani lanu lotsala nalo. Sungani mapepala a malipiro, kontrakiti ndi nambala yanu ya NSSA m'thumba losalowa madzi, ndipo akazi anu adziwe pamene liri.

Cacitatu, lembani tsiku limene nchito yatha, nimuwerenge kucokera pamenepo. Lonjezo la pakamwa lakuti tidzakuitanani siliimitsa masiku.

Cacinai, popereka dandaulo kapena apilo, lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inzace akudindireni cidindo ca tsiku mubwerere nayo. Lembaninso dzina la ofesala amene mwalankhula naye.

Bambo aja anati adzapita ku Harare Lacisanu, ndipo ndawalembera pa kapepala maofesi oti akafikeko ndi mafunso oti akafunse. Potsanzika anati, "Mwana wanga, ndikadadziwa." Ndinati, "Bambo, mukauze anzanu a pa mzere uja, mwina ena zaka zao za penshoni zakwana." Akabwerako ndidzakuuzani m'mene ayendera. Amene muli ndi funso lembani kwa Mkonzi, ndidzayankha pa tsamba lomwelino. Safunsa anadya phula.

Tsalani bwino nonse, Mulungu akusungeni pansi pa mgodipo.

Ndine wanu,
Kalaliki wa ku Beatrice.