Kulemba pasiwedi kawiri n'kwachabe ngati sitikuiona

Mawebusaiti ambiri, munthu akamalembetsa, amamuuza kuti alembe pasiwedi kawiri, uku zilembo zonse zikusanduka timadontho. Ati n'cholinga choti tisalakwitse. Komatu kulakwitsako kumadza ndi timadontho tomweto! Pa foni, pomwe chala chimodzi chimaphimba zilembo ziwiri, munthu amalemba ngati womangidwa m'maso, ndipo bokosi lachiwirilo limangoti sizikufanana, osamusonyeza pomwe paphonyeka. Afufute zonse, ayambirenso, bandulo ikutha.

Jakob Nielsen anadandaula za kubisa kumeneku mu 2009. Mu 2017 bungwe la NIST la ku America linalangiza kuti munthu aziloledwa kuona zomwe akulemba, ndiponso kuti malamulo okakamiza chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro asiyidwe, popeza amangobala mapasiwedi osavuta kulota ngati "Password1!".

Ena adzati m'minibasi muli maso ambiri. Zoonadi. Timadonthoto tikhalepo, koma pambali pakhale kadiso koti mwiniwake adine akafuna kuona. Zikatero bokosi lachiwirilo lilibenso ntchito. Ndipo ngati eni webusaiti akuumirirabe malamulo awo, awalembe poonekera munthu asanayambe, osati kumudzudzula ndi zilembo zofiira atamaliza kale.